Seva Yoiwala ya Mfumu Sindilakwa

Mu Ufumu wa Tavomera munali lamulo lakuti mfumu ikamaliza chiganizo, aliyense awombe m'manja nthawi yomweyo. Lamuloli linkakhululukira anthu a mitundu iwiri yokha: akufa, ndi amene anyamula katundu m'manja onse awiri. A Yotamu Gwedeza sanali wakufa, ndipo tsiku limenelo sananyamule kanthu. Vuto lawo linali makutu. Zaka makumi awiri za ntchito ya pachigayo zinawasiya akumva ndi maso, choncho pamisonkhano ankayamba ayang'ana anzawo kenako n'kuwomba.

Tsiku limene Mfumu Sindilakwa Wachitatu inaima pa Msika wa Zakwera kudziwitsa ogula kuti mitengo yatsika, anthu anawomba n'kusiya. M'kachetechete mmenemo munamveka manja a munthu mmodzi, phwa, phwa, phwa, ngati wonyodola. Mfumu inaloza ndi chala, n'kusaina yokha chikalata chomangira munthuyo pamsana pa msilikali. A Yotamu anakalowa ku ndende ya Khalakaye, kumene anthu amalowa lero n'kuuzidwa kuti mlandu wawo umveka mawa, ndipo mawa akauzidwanso zomwezo.

Akazi awo, Nangondo, ankagulitsa matimati pamsika pomwepo. Anayenda maofesi onse a mu likulu mpaka patapata kuduka, ndipo paliponse yankho linali limodzi: "Mayi, masiku ano sitidandaula pakamwa. Kalembeni pa Tiuzeni."

Tiuzeni linali tsamba la pa intaneti limene munthu ankalembapo dandaulo lake ndi foni. Mfumu inalikhazikitsa chaka cha m'mbuyo mwake, tsiku limene inadzuka ikukonda anthu. Inalengezanso Lamulo la Masiku Asanu ndi Awiri, lakuti dandaulo likakhala pa tsambalo sabata yathunthu osayankhidwa, amene likumukhudza atule pansi udindo. Anthu anawomba m'manja mokoma kwambiri moti mfumu inaledzera nako n'kuwonjezera kuti, "Kaya akhale ndani! Ngakhale ine amene!" Mlembi analemba, amisiri anazokota mawuwo pamwala wa pachipata, ndipo aliyense anapita kukadya.

Choipa chinali chakuti nthawi imeneyo tsambalo linkasungidwa pa makina a kampani ina ya kutsidya kwa nyanja, makina opanda mwambo, osadziwa kuti wamkulu salakwa. Mwezi usanathe, nduna zisanu zinali zitabweza magalimoto. Zotsalazo zinayamba kuonda, chinthu chimene chinali chisanachitikepo m'mbiri ya ufumuwo.

Ndiye kunaitanidwa bwalo. Woyamba kuimirira anali Olemekezeka Bizaliyele Mkhutakale, Nduna ya Zamakono ndi Miyambo Yotsegulira, munthu amene ankayenda ndi lumo lodulira riboni m'thumba la jekete ngakhale popita kumaliro.

"Mbuye wanga," anatero, "bongololo sadzolera mafuta pagulu. Madandaulo a ana anu akuwerengedwa ndi alendo. Akutiseka kunjaku. Ufumu woima pawokha ukhale ndi seva yakeyake, pakhomo pake, pansi pa diso la mwini wake."

Mfumu inagwedeza mutu. Inati inali itaganiza kale zimenezo, kungoti inkadikira kuona ngati pali nduna yanzeru yofikapo. Seva inagulidwa, chikompyuta chakuda chokhala ngati kabati, ndipo anaiika m'chipinda chimene kale ankasungamo maambulera a mfumu. Ntchito yoikamo pulogalamu inagwera Zione Chimphepo, mayi wosalankhulalankhula amene anakhala zaka khumi mu unduna wa Zamakono osakwezedwa chifukwa cha khalidwe lake loipa lodziwa ntchito.

Atamaliza, anamuitana kubwalo kuti afotokoze.

"Mbuye wanga," anatero Zione atagwada, "pulogalamu ya Tiuzeni ndaigawa patatu. Pali gawo loonetsa tsamba, gawo lolandira zimene anthu alemba, ndi gawo la kaundula wa madandaulo. Gawo lililonse ndaliika m'kontena yakeyake. Kontena ndi kachipinda kosaoneka ndi maso m'kati mwa seva, momwe muli zonse zofunika kuti gawolo ligwire ntchito. Ikavuta sitivutika n'kuikonza. Timaigwetsa n'kuumba ina yofanana nayo kuchokera m'chikombole, monga tichitira ndi njerwa."

"Ndimachita chimodzimodzi ndi nduna zanga," inatero mfumu. Nduna zinawomba m'manja pa nthawi yake yeniyeni.

"Koma pali chimodzi chotsala," Zione anapitiriza. "Kontena yatsopano imabadwa yosadziwa kanthu. Zonse zimene zinalembedwa mu yakale zimapita nayo. Ndiye kaundula akufunika nkhokwe yake kunja kwa kontena, pa disiki ya seva, kuti kontena ikagwa madandaulo azitsala. Ndi mizere iwiri yokha yowonjezera m'fayilo ya malangizo. Koma fayiloyo ndi yachifumu, sindingaikhudze popanda chidindo."

A Mkhutakale anaimirira pang'onopang'ono.

"Tabwerezani, mayi. Nkhokweyo ikapanda kukhalapo?"

"Nthawi iliyonse imene tiumba makontena atsopano, madandaulo afufutika."

"Onse?"

"Onse, bwana."

A Mkhutakale anatulutsa kansalu n'kupukuta msozi. Kenako ananena ndi mawu onjenjemera kuti nkhani ya nkhokwe ndi yaikulu, siyofunika phuma, ndipo anapempha kuti ipite ku komiti. Komitiyo inasankhidwa tsiku lomwelo. Wapampando wake anali m'chipatala, wachiwiri wake anali ku maphunziro a zaka zinayi kunja, ndipo mlembi wake anali atamwalira chaka chatha koma anamusankhabe pomulemekeza.

Apa m'pofunika kudziwa mwambo umodzi wa anthu a ku Tavomera. Kumeneko chinthu sichikhalapo mpaka chitatseguliridwa ndi munthu wolemekezeka. Mlatho wa pa mtsinje wa Tiwolokabwanji unatseguliridwa kanayi ngakhale kuti unalekeza pakati pa madzi. Komanso nduna sitsegulira chinthu chogwiritsidwa kale ntchito, chifukwa kumeneko n'kuipatsa makombo. Choncho a Mkhutakale analamula Zione kuti apange batani lofiira, lalikulu ngati mbale, loti likadinidwa lizigwetsa makontena onse n'kuumba atsopano, kuti wotsegulirayo azitsegulira chinthu chatsopano ndithu. Nduna zinalipo makumi anayi ndi ziwiri, ndipo iliyonse inali ndi ufulu wotsegulirako seva ya dziko. A Mkhutakale anakonza ndandanda mosamala kwambiri, kuti mwambo uzichitika tsiku lachisanu ndi chimodzi lililonse.

Kuyambira pamenepo palibe dandaulo limene linaonapo tsiku lachisanu ndi chiwiri. Nduna zinayambanso kunenepa. Wailesi ya ufumu inalengeza kuti Tavomera ndi dziko lokhalo padziko lapansi kumene madandaulo amapola okha.

Pa Msika wa Zakwera anthu anazolowera kuwerenga masiku pomvera bandi. Ikamveka ikuimba kunyumba yachifumu, wogulitsa makala ankati, "Basi, chimbudzi chathu chakonzedwanso," ndipo onse ankatembenuka kuyang'ana chimbudzicho, chimene chinali chigwere mvula ya dzana. Wina wosoka nsapato anasiya kulemba zazitali. Ankangolemba kuti "Zomwe zija," poti ankati ngakhale makinawo ayenera kuti atopa nazo.

Nangondo yekha ndiye sankaseka. Analemba koyamba, bandi inaimba, dandaulo linasowa. Analemba kachiwiri, kachitatu, mpaka kasanu ndi kawiri. Lamulungu lililonse ankapita ku Khalakaye ndi chakudya, ndipo ulendo uliwonse ankapeza a Yotamu atachepa, akutsokomola chifuwa chimene analibe polowa. Mantha anamugwira kuti mwamuna wake adzatuluka m'ndendemo atanyamulidwa pamachira.

Tsiku lina masana Zione anabwera pamsika kudzagula ndiwo. Wogulitsa makala anamukodola Nangondo ndi mlomo: "Mayi a makina aja ndi awo."

"Amayi, ndipatseniko matimati a mulu uwu," anatero Zione.

Nangondo anatola matimatiwo n'kuika m'jumbo. Atatsala pang'ono kupereka, anawakhuthulira pabenchi n'kuwayalanso bwinobwino.

"Mwati mukufuna chani, asisi?"

"Matimati. A mulu uwu."

Nangondo anatolanso, anaika m'jumbo, anakhuthulanso.

"Pepanitu. Mwati chani?"

Zione anayang'ana uku ndi uku. Msika wonse unali utasiya malonda.

"Amayi, ndalakwa chani?"

"Ayi, palibe. Kungoti benchi langali ndi lamakono. Likangolandira, limaiwala. Tanenaninso, mwina kachisanu ndi chitatu zitheka." Kenako mawu ake anasintha. "Amuna anga ali ku Khalakaye, asisi. Mlandu wawo ndi makutu. Ndalemba kasanu ndi kawiri pa chinthu chanucho. Inu munapita kusukulu, tandiuzeni, mawu angawo amapita kuti?"

Zione akanatha kunena za komiti, za chidindo, za fayilo yachifumu. Zonsezo zinali zoona. Koma batani lofiira lija analipanga ndi manja ake, ndipo analipanga bwino, losaphonya. Manyazi anamugwira mpaka kumapazi.

"Sapita kulikonse, amayi," anayankha motsitsa. "Amafufutika." Kenako anaweramira pabenchi. "Mawa kuli mwambo. Bandi ikangosiya kuimba, lembaninso. Kamodzi kokha."

"Kuti zitani?"

"Ingolembani."

Nangondo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatola matimati aja n'kumupatsa, koma mawu otsazikana sanamupatse.

Mwambo wa mawa lake unali wa Nduna ya Zanyengo, imene inalankhula maola atatu za mmene mvula imagwera mwaulemu mu ulamuliro wa Mfumu Sindilakwa. Pa mwambo wotere palibe amene amayang'ana katswiri. Maso onse amakhala pa kamera ndi pa tebulo la zakumwa. Zione anakhala kuseri kwa seva, kompyuta yake ili pamiyendo, natsegula fayilo yachifumu ija. Ankadziwa kuti ku Khalakaye kulinso chipinda cha amayi. Analemba mizere iwiri, anasunga, anatseka. Nduna inadula riboni, inadina batani, ndipo makontena atsopano anabadwa ali ndi nkhokwe. Bandi inasiya kuimba nthawi ya 12 koloko masana, ndipo kumsika Nangondo anapukuta manja pachitenje n'kutenga foni.

Patapita masiku asanu ndi limodzi, Nduna ya Zamasewera inabwera kudzatsegulira. Inadula, inadina, inajambulitsa. Makontena anagwa, ena anaumbidwa, madandaulo anatsala pomwepo. Palibe nduna inadziwa, chifukwa kuyambira pamene seva inabwera pakhomo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatsegulapo tsambalo. Munthu sasuzumira m'dzenje limene akudziwa kuti mulibe kanthu.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chiwiri mfumu inali ndi alendo, akazembe a mayiko akutali, ndipo inafuna kuwaonetsa chodabwitsa cha Tavomera. Anapachika sikirini yaikulu m'bwalo. Mfumu inalankhula za ufulu, za kuima patokha, za seva yathu, pakhomo pathu. Nthawi itakwana 11 koloko inatambasula dzanja, ndipo mlembi anayatsa sikirini.

Madandaulo anatsika ngati ngumbi. Zimbudzi, misewu, mlatho, mankhwala, ndi "Zomwe zija." Pamwamba pa onse panali lakale kwambiri, ndipo mlembi, amene ntchito yake inali kuwerenga chilichonse chimene chaikidwa pamaso pake, anawerenga mokweza asanaganize:

"Ndine Nangondo wa pa Zakwera, benchi lachitatu kuchokera pamjigo. Amuna anga a Yotamu Gwedeza ali ku Khalakaye chifukwa chochedwa kuwomba m'manja. Samva bwino. Akutsokomola. Anawamangitsa ndi amfumu eni ake. Aka n'kachisanu ndi chitatu kulemba."

Pansi pake panalembedwa ndi zilembo zofiira dzina la wokhudzidwa, Sindilakwa Wachitatu, ndi nthawi yotsala, ola limodzi. Kazembe wina anafunsa mwaulemu ngati lamulo lake ndi lomwe lija analiwerenga pamwala wa pachipata polowa.

Mfumu inanyamuka liwiro la munthu wamkulu kulowera kuchipinda cha seva. Mwambo umati alendo atsate mfumu kulikonse kumene ikupita, choncho akazembe anatsatira, nduna pambuyo, bandi kumapeto. Mfumu inamenya batani lofiira ndi chikhatho. Bandi itaona batani ladinidwa inayamba nyimbo ya fuko, ya ndime zisanu ndi zinayi, ndipo aliyense anaima chilili, mfumu yomwe, chifukwa lamulo limenelo inalipanganso yokha. Nyimbo itatha anayang'ana pa tsamba lija. Dandaulo la Nangondo linali pomwepo. Mfumu inadinanso, bandi inaimbanso. Inadina kachitatu. Woimba lipenga anakomoka pa ndime yachisanu ndi chimodzi, koma Nangondo sanasunthe. Kunatsala mphindi khumi ndi ziwiri.

"Ali kuti mkazi wa makinayu?" inakuwa mfumu.

Zione anatulukira kuseri kwa seva n'kugwada.

"Chachitika n'chiyani?"

"Seva yayamba kukumbukira, Mbuye wanga."

"Wakulola ndani?"

"Komiti sinakane."

A Mkhutakale anathamangira kukhoma kuti azule waya wa magetsi. Anazuladi, ndipo jenereta imene iwo omwe anaigula ndi kuitsegulira kawiri inalira panja, seva osaphethira n'komwe. Wina ananong'ona kuti angofufuta dandaulolo ndi manja. Zione anati n'zotheka, kungoti msika wonse ukuliyang'ana pa mafoni, ndipo alendo awa aliwerenga kale. Akazembe anavomereza ndi mitu, mmodzi akulemba m'kabuku.

Mfumu inatsitsa mawu. Thukuta linali litanyowetsa mendulo zonse.

"Palibe njira ina, mwana wanga?"

"Ilipo, Mbuye wanga. Kuyankha."

Nduna zinayang'anana. Ina inafunsa ngati zimenezo zili ndi fomu yake. Ina inati mwina pafunika komiti. Zione anasendeza kompyuta yake pafupi ndi mfumu n'kuionetsa kabokosi kolembamo yankho, kamene kanakhala pa tsambalo chiyambire osakhudzidwa. Mfumu inasakasaka zilembo ndi chala chimodzi, chomwe chija inalozera nacho pamsika. Inalemba mawu amodzi: Atuluke. Dzina lofiira lija linazimiririka kutatsala mphindi ziwiri.

Madzulo a tsikulo wailesi inalengeza kuti Mfumu Sindilakwa, mwa chifundo chake chosayerekezeka, yakhululukira munthu wina wogontha popanda aliyense kuipempha. Mawa lake bwalo linagamula kuti seva yagwira ntchito yotamandika ndipo yatopa. Anaiveka mendulo, anaifunditsa nsalu ya nkhope ya mfumu, anaizimitsa kuti ipume, ndipo anagwirizana kuti masiku amene seva ikupuma sawerengedwa. Madandaulo ena onse aja akupuma nayo m'nkhokwe mpaka pano, osawola. Zione anamukweza pantchito koyamba m'zaka khumi. Anamupanga Mkulu wa Zamakono m'boma la Kulibewaya, kumene chipangizo chamakono kwambiri ndi belu la pasukulu. Popita kukakwera basi anadzera pamsika, ndipo Nangondo anamudzazira jumbo la matimati osamufunsa kawiri.

Koma tibwerere pachipata cha Khalakaye, tsiku limene a Yotamu anatuluka. Anatuluka akuyenda okha, owonda ngati bango, buluku atalimanga ndi chingwe. Nangondo atawaona analira osabisa, pamaso pa asilikali onse. Mkulu wa ndende anati mkaidi sangapite asanamve uthenga wachifumu, ndipo anatambasula pepala.

"Mfumu yathu, mwa chifundo chake..."

Phwa, phwa, phwa.

A Yotamu anali ataphunzira. Miyezi iwiri yonse anali akulumbira kuti sadzachedwanso, ndipo atangoona milomo ya mkuluyo ikugwedera anayamba kuwomba ndi mphamvu zonse zimene zinawatsalira. Mkulu wa ndende anasiya kuwerenga. Chiganizo cha mfumu chinali chitadulidwa pakati. Anatembenukira kwa msilikali wake n'kumuuza kuti abweretse buku la malamulo, aone chimene limanena za munthu wowomba msanga.

Nangondo sanadikire bukulo. Anatula dengu limene linali pamutu pake n'kulikankhira pachifuwa pa mwamuna wake.

"Gwirani ichi, bambo," anakuwira m'khutu mwawo. "Manja onse awiri. Musatule mpaka kunyumba."

Mkulu wa ndende anayang'ana dengu, anayang'ana buku, anapeza ndime ya onyamula katundu, n'kumalizitsa uthenga wake mokhumudwa. A Yotamu anayenda ulendo wonse atakumbatira dengulo, ndipo ngakhale atafika pakhomo anafunsa kaye ngati tsopano angatule.

Nkhaniyi inafika pa Zakwera iwo asanafike. Ulendo wotsatira umene mfumu inaima pamsikawo kudzalengeza kuti mitengo yatsikanso, inamaliza chiganizo n'kudikira. Panalibe phokoso. Wogulitsa makala anali atakumbatira thumba, wosoka nsapato anali ndi nsapato kudzanja lililonse, ogula ananyamula madengu opanda kanthu, ndipo agogo ena amene anasowa chonyamula anangotola njerwa ziwiri. Onse ankaiyang'ana mfumu mwaulemu waukulu.

Mfumu inatembenukira kwa a Mkhutakale. Ndunayo inanena kuti m'mbiri yonse ya Tavomera, anthu sanakhalepo olimbikira ntchito chonchi.